Makwinya a Ngamila

Mumsewu wa amisiri, pakati pa wowotcherera mageti ndi mayi wogulitsa penti, pali shedi ya malata imene chitseko chake sichitsekeka bwino, chifukwa nthawi zonse pakhomo pamakhala patatulukira mwendo wa sofa. Mwini wake ndi bambo wamfupi, wa mikono yojintcha ngati ya wonyamula simenti, ndipo msewu wonse umawatchula kuti a Kungitsani. Dzinali anadzipatsa okha osadziwa. Aliyense amene anaphunzirapo ntchito m'shedimo anatuluka makutu akulira mawu amodzimodzi: "Kungitsani! Kokaninso! Nsalu si apongozi anu kuti muziichitira manyazi!"

Ntchito yawo ndi yoveka masofa. Mukawabweretsera mpando wotopa, wotulutsa siponji ngati matumbo, amauvula mpaka utsale mafupa okhaokha, amasintha malamba, amadula siponji yatsopano ndi mpeni wa buledi, kenako amayamba kulimbana ndi nsalu. Bondo pathabwa, dzanja lamanzere likukoka, lamanja likuwomba stepula: tha! tha! tha! Akamaliza amatenga batani la jasi n'kuliponya pampandopo. Likadumpha, ntchito yatha. Likangogona phee, amazula mapini onse n'kuyambiranso, kasitomala adikire asadikire.

Dzanja limeneli analitenga ali mnyamata, pa galaja ya mabasi pamene anayambira kuveka mipando. Kapitawo wa pamenepo ankayendera ntchito atatsinzina, akusisita mpando uliwonse ndi chikhatho, ndipo akapeza khwinya ankang'amba nsalu yonse ndi lumo. Anali ndi chifukwa chake. Pampando wa basi anthu amakhala akukhuluzika tsiku lonse, ndiye khwinya la lero ndi chibowo cha mawa. A Kungitsani anachoka pa galajapo ndi stepula yawoyawo komanso chidani cha makwinya chimene sichinazirale mpaka lero. Tsiku lina ali pamzere kubanki anakoka jekete la munthu wosamudziwa amene anali patsogolo pawo, chifukwa linali litakwinyika pamsana. Munthuyo anakuwa kuti wakuba. Akazi awo anasiya kalekale kuyala bedi, poti ngakhale ayale bwanji, bambowo amabwera pambuyo kudzakoka shiti mpaka ilire.

Ochita malonda amati kasitomala wabwino ndi wobweranso. A Kungitsani amadandaula uku akuseka kuti awo sabweranso, chifukwa sofa imakana kutha. Amangotumiza abale awo, abalewo n'kutumiza anzawo a kuntchito, ndipo ndi mmene ana onse a m'nyumbamo anapitira kusukulu.

Woyesa masofa m'shedimo sanalembedwe ntchito ndi aliyense. Ndi alamu awo, achimwene a akazi awo, dalaivala wa lole amene akakhala kuti sali pa ulendo amapezeka pamenepo. Ndi munthu wamkulu thupi, wa masaya ogwera pakolala, ndipo amawatchula kuti a Sikelo, chifukwa mpando ukapirira iwo ndiye kuti upirira banja lonse pamodzi ndi alendo.

Mwa ana awo onse, amene anakulira m'shedimo ndi mzime, wamkazi. Abale ake ankathawa fumbi la siponji, koma iye ankakhala pansi pa benchi akumasula chilichonse chokhala ndi sikuluu: wotchi yapakhoma, ayironi, tochi ya bambo ake. Zina ankazibwezeretsa, zina zinafera pomwepo. Anthu anamupatsa dzina loti Injiniya pomuseka, iye n'kulitenga dzinalo kupita nalo kukoleji ya uinjiniya, kumene pa nthawi ya nkhaniyi anali m'chaka chomaliza.

Masana ena anatulukira pashedi ndi mnzake wa m'kalasi, mnyamata wowonda amene anzake amamutchula Magalasi, atanyamulizana katoni ya firiji yodula pakati. Anaiika pabenchi n'kutsegula. M'katimo munali chigaza chachitali cha pulayiwudi ndi timizati ta aluminiyamu, mawaya ofiira ndi akuda ali piringupiringu, maso awiri a timipira topenta, ndi mano achikasu osema kuchokera ku paipi ya pulasitiki.

"Ababa, iyi ndi ngamila," anatero Injiniya.

A Kungitsani anaizungulira, manja kumbuyo. "Ngamila yake inafa liti?"

"Sinabadwe n'komwe. Tikufuna inu muiveke khungu."

Magalasi analumikiza waya ku laputopu n'kudina. Chigazacho chinaphethira. Kenako nsagwada inayamba kuyenda chammbali, uku ndi uku, ngati mbuzi ikubzikula, ndipo pomaliza pakamwa panatseguka yasa, mano onse pamtunda. A Sikelo, amene anali atakhala pa sofa ya kasitomala, anakweza miyendo yonse m'mwamba.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, chotsa chimenecho! Chikundiyang'ana!"

"Chilibe nanu ntchito, amalume. Chimadya batire."

Injiniya anafotokoza bwinobwino. Imeneyi inali pulojekiti yawo yomaliza. Patsiku lachionetsero mutuwo unayenera kuphethira, kutafuna ndi kuyasamula pamaso pa aphunzitsi oyesa, utavala khungu lake, chifukwa makina oyenda ali osavala aliyense m'kalasimo akanapanga. Ukakanika, awiriwo abwereza chaka. Ndipo mota zoyendetsa nsagwada anali nazo ziwiri zokha, imene inali m'mutumo ndi ina yapadera. Zinachokera kunja, ndipo kuitanitsa ina kukanatenga nthawi yoti chionetsero n'kudutsa, anthu n'kuiwala.

"Ndiye Ababa, chonde, musakungitse. Musiye mpata woti pakamwa pazitseguka."

"Wayamba kundiphunzitsa ntchito, mayi?"

"Ndikungokupemphani."

Anawaonetsa ngamila yeniyeni pafoni. A Kungitsani anaiyang'anitsitsa: milomo yolendewera, masaya okhwepa, khosi la makwinya okhaokha. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Amene anaveka nyama iyi, akanakhala wanga ndikanamuchotsa ntchito tsiku lomwelo."

Ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Masofa a makasitomala anadikira. Pansi pa mulu wa zotsala anafukula nsalu yaubweya, ya mtundu wa mchenga, imene inatsala pamipando ya hotela ina. Siponji anaisenga ndi lumo mpaka mphuno inaoneka mphuno. Nsidze anazidula ku burashi yakale imene anapempha kwa mayi wa penti, ndipo makutu anawasoka ndi kansalu kofewa mkati, koti ukakagwira ndi manja akuda umafuna kupepesa. Pofika pamasaya anakumbukira mawu a mwana wawo. Analowetsa chala chimodzi pansi pa nsalu n'kuwomba pini chalacho chili momwemo. Kwa iwo umenewo unali mpata woti lole n'kutembenukiramo.

Koma atabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, pa tsaya lamanzere panali kakhwinya. Kamodzi kokha, kakang'ono. Anayang'ana kumbali. Anamwa madzi. Anasesa pansi. Kakhwinyako kanali pompo, kakuwadikira. "Pini imodzi sinaphepo munthu," anatero. Tha! Tsopano tsaya lamanja linaoneka lolefuka poyerekeza ndi linzake. Tha! Pansi pa chibwano napo panayamba kuwanyoza. Tha! tha! Pomwe ankaweruka, ngamila inali yosalala ngati mpando wa galimoto yatsopano, ndipo batani la jasi ataliponya patsaya linadumpha mpaka kukagwera mu ndowa ya guluu.

Loweruka Injiniya ndi Magalasi atabwera anapeza msewu wonse wadziwa kale. Wowotcherera anazimitsa makina ake, mayi wa penti anatseka kauntala, amake Injiniya anabwera atavala ngati akupita kukajambulitsa. A Kungitsani anavundukula shiti imene anafunditsa ngamila.

Anthu anawomba m'manja. Inali yokongola, zimenezo palibe akanatsutsa. Injiniya yekha ndi amene sanawombe. Anakanikiza tsaya ndi chala, chala n'kubwerera.

"Ababa..."

"Mpata ulimo. Yatsani muone."

Asanayankhe, Magalasi, amene zala zake zimathamanga kuposa mutu wake, anali atadina kale. Maso anaphethira theka, ngati munthu wa tulo. Kenako m'kati munayamba kulira: nnnnng. Nsagwada inanjenjemera, milomo inasiyana pang'ono poti n'kulowetsapo khadi, n'kuima. Kulirako kunakwera.

"Zimitsa!" anakuwa Injiniya.

Koma laputopu inasankha nthawi yomweyo kuti iganize kaye. Kautsi kopyapyala kanatuluka m'mphuno yamanzere, ndipo shedi yonse inanunkha waya wopsa.

"Alamu, mwaiphunzitsa kusuta?" anatero a Sikelo. Anaseka okha, mlongo wawo n'kuwaponda phazi.

Injiniya anazula waya wa batire, anatsegula zipi ya pakhosi pa ngamila n'kulowetsa dzanja. Analitulutsa msanga akuliuzira. Sanalire, sanakalipe. Anatola tepi ya bambo ake pabenchi n'kuiika patsaya.

"Nsagwada iyi imatsika masentimita khumi ndi awiri, Ababa. Inu mwasiya awiri osakwana."

"Ndinasiya chala chathunthu."

"Chala chanu chilibe mlandu. Koma pamafunika zala zisanu ndi ziwiri."

"Zala zisanu ndi ziwiri! Limenelo si khungu, ndi thumba."

Magalasi anapukuta magalasi ake ndi malaya. "Bambo, musandimve molakwika," anatero mwaulemu, "koma mwina tingopita kwa telala atisokere chinthu chokhwepa, chongovundikira. Mota yatsala imodzi."

Mawuwo anawalowa a Kungitsani ngati pini pansi pa chikhadabo. Telala! Mwana wawo akaime pamaso pa aphunzitsi ndi ngamila yovala diresi? Koma fungo la waya linali likadali m'mphuno mwawo, ndipo amene anawotcha anali iwo. Anthu anayamba kubalalika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito.

Injiniya anamasula mota yopsayo n'kuiponya m'chikwama. "Mutu ndikuusiya," anatero. "Mota inayo ndikupita nayo. Ndikabwera ndidzatsegula pakamwapa ndi chala changa chaching'ono ichi. Chala chikakanika, tikupita kwa telala. Mwamva, Ababa?"

"Ndamva, bwana."

A Kungitsani anazula mapini onse. Anayesa kuveka mokhwepa, nkhope ili ngati ya womwa mankhwala owawa. Zinavuta kwina. Nsalu yotsalayo inkalowa mkamwa, mano n'kumaitafuna, ina n'kumakodwa pamene nsagwada imalumikizana ndi chigaza. Akamasula apa, yakodwa apo. Akadula pang'ono, yakunganso. Apa m'pamene anazindikira kuti kukhwepetsa nako ndi ntchito, ndipo iwo zaka zonsezi anaphunzira mbali imodzi yokha.

Kunyumba nako zinaonekera. M'mawa wina anadzuka n'kusiya shiti ili yokwinyika, akazi awo mpaka anawagwira pamphumi kuona ngati akutentha.

"Abambo ake, mukapitiriza chonchi mudwala. Kupita kwa telala si imfa."

"Si za telala," anayankha akumanga nsapato. "Nsalu yongovundikira idzalowa m'mano ngati mmene ikuchitira yangayi. Ikakodwa tsiku limenelo, mota yomaliza yapita, mwana wabwereza chaka. Ndipo woyamba kuwotcha ndine."

"Ndiye musawotche kachiwiri. Imwani tiyi."

Yankho linabwera masana otentha, malata akuthetheka ndi dzuwa. A Sikelo anali atagona chagada pa sofa yofiira ya mwini famasi, manja pamimba, ndipo a Kungitsani anali atakhala pa ndowa moyang'anizana nawo, maganizo ali kutali. Kenako alamuwo anayasamula. Kunali kuyasamula kwa dalaivala, kwakutali, kopanda manyazi. Ndipo a Kungitsani anaona chimene chinakhala pamaso pawo zaka zambiri iwo osachilabadira. Pakamwa pamene pankatseguka, makwinya a m'masaya ankatambasuka limodzilimodzi mpaka nkhope inasalala ngati ya mnyamata. Patatsekeka, makwinyawo anabwerera lililonse pamalo pake, mwadongosolo, osalowa mkamwa, osakodwa paliponse.

Anadumpha, ndowa n'kugubuduka. "Alamu! Bwerezani!"

"Ndibwereze chiyani?"

"Yasamulaninso."

"Kuyasamula sikuchita kuitanitsa ngati tiyi, alamu."

"Ganizani za mzere wa malole pamalire. Ganizani za msonkhano wa makolo kusukulu."

A Sikelo anaganiza, ndipo zinatheka. A Kungitsani anali atatola kale choko chabuluu chojambulira nsalu. Anawagwira chibwano n'kuyamba kulemba mzere paliponse pamene khungu limapindikira: kuchokera pamphuno kutsikira pakona ya mlomo, kuchokera pansi pa khutu kukafika pachibwano, ina iwiri pakhosi.

"Tsekani. Tsegulani. Tafunani chammbali. Ayi, ngati ngamila."

"Ine ngamila ndinaionera kuti?"

"Mmene mumadyera masiku onsemo. Basi, choncho!"

Amake Injiniya analowa ndi fulasiki n'kupeza achimwene awo ali yasa, nkhope yonse mizeremizere ngati mapu a misewu. Anaika fulasiki pansi bwinobwino kuti aseke ndi manja onse.

"Achimwene, nanga akuvekani nsalu yanji? Yamaluwa ikukhalani."

"Mlongo, mwamuna wakoyu wapenga. Ndinakuuza usanakwatiwe."

"Taonani kuno, amayi," anatero a Kungitsani, osaseka n'komwe. "Ine ndimayesa makwinya ndi ulesi wa mmisiri. Si ulesi ayi. Ndi katundu wosunga kuseri, woti ukafuna kuyasamula uzikatapako. Alamu angawa ali ndi sitoko yokwanira anthu atatu."

"Ndiye muzindilemekeza," anatero a Sikelo.

Tsopano anadziwa pamene ankalakwitsa. Ankaveka ngamila itatseka pakamwa, monga amavekera mpando umene sudzasuntha mpaka kalekale. Anatsegula nsagwada mpaka pamapeto, anaikapo kathabwa kuti isatsekeke, n'kuveka khungu ngamila ili chiyasamulire. Apa anakokako ndithu, ndipo mtima unakhalako pansi. Mizere ya pankhope ya alamu anaisamutsira pansalu, ndipo kuseri kwa mzere uliwonse anasokerera kalasitiki kopyapyala, koti kazisonkhanitsa nsalu panja, kutali ndi mano. A Sikelo anaswera osasamba kumaso, poti ankaitanidwa pafupipafupi kudzaima pambali pa ngamila kuti ayerekeze.

Atachotsa kathabwa, pakamwa panatsekeka mosavuta, khungu n'kudzisonkhanitsa m'masaya ndi pakhosi. Ngamila inakalamba nthawi yomweyo. Milomo inalendewera, masaya anagwa, nkhope inakhala ya nyama yoti yaona zambiri ndipo palibe chimene chinaisangalatsa. A Kungitsani anaiyang'ana kamodzi n'kuitembenuzira kukhoma.

Injiniya atabwera sanatalikitse moni. Anaika chala chaching'ono pa mano apansi n'kukanikiza. Nsagwada inatsika ngati chitseko chothira mafuta. Anatseka, anatsegula, anatafunitsa uku ndi uku, akusuzumira mkamwa ndi tochi ya foni. Kenako anayang'ana ngamila, anayang'ana amalume ake, n'kugwira pakamwa.

"Ababa, mwapanga amalume!"

"Usakanene kukoleji," anatero a Sikelo. "Ndili ndi mbiri yoti ndiiteteze."

Anamanga mota yotsalayo. Ulendo uno Injiniya anagwira yekha waya wa batire, wokonzeka kuzula, Magalasi n'kudina ndi chala chimodzi ngati akuyesa ayironi. Ngamila inaphethira, inatafuna, inayasamula, popanda kulira, popanda fungo. Injiniya anawerenga kamita kake koyezera magetsi n'kumwetulira. Anaizimitsa msanga. Mota yomaliza siseweretsedwa.

"Bambo," anatero Magalasi, "za telala zija ndabweza."

"Bweza bwino, usazigwetse panjira."

Tsiku lachionetsero ophunzira awiriwo anatsogola m'mawa kukakonza tebulo. Mutu anausiyira a Kungitsani, amene anakwera nawo kumbuyo kwa lole ya a Sikelo pamodzi ndi akazi awo, ataukumbatira pamiyendo ngati mwana wodwala. Msewu unali wa mabampu. Pa bampu lililonse masaya ankagwedera, ndipo pamene ankayandikira geti la koleji, khwinya la tsaya lamanzere linali litatsika kuposa linzake. Silinang'ambike, silinamasuke. Linangolendewera poyera, pamene aphunzitsi onse akaone.

Dzanja la a Kungitsani linapita lokha m'thumba la jekete. Stepula inali momwemo, sanakumbuke n'komwe kuti anaitenga liti. Pini imodzi yokha, pamwamba pa tsaya, pobisika ndi khutu. Palibe akanadziwa. Anaitulutsa, anaigunditsa pansalu, chikhatho chinayamba kufinya. Ngamila inkawayang'ana ndi maso ake a timipira, yosadandaula, yosapempha kanthu.

Anapumira m'mwamba n'kutembenuka.

"Amayi, tengani ichi. Muike m'chikwama chanu, pansi penipeni. Ndikapempha, mukane. Ndikalira, mukanebe."

Akazi awo analandira osafunsa, anatseka zipi, n'kukhalira chikwamacho mpaka lole inaima.

Holo inali yodzaza. Panali pampu yoyendera dzuwa, kagalimoto kotsata mzere pansi, ndi dzanja lachitsulo lotola mazira limene linali litaswa kale angapo. Makolo anawakhazika pamipando yapulasitiki kuseri kwa chingwe. A Kungitsani anakhalira manja awo onse awiri.

Oyesa anali atatu, wamkulu wawo mayi wa imvi, wosaseka, cholembera chili kuseri kwa khutu. Atafika patebulo la ngamila, Injiniya anayamba kufotokoza. Bambo ake sankamva zonse, zinali za magiya ndi mphamvu ya magetsi, koma ankamva kuti mawu a mwana wawo sakunjenjemera. Kenako mayiwo anatambasula dzanja n'kutsina khwinya lomwe lija la kumanzere. Analikoka, n'kulisiya.

"Khunguli lakhwepa chonchi mwadala, kapena nthawi inakutherani?"

A Kungitsani anaponya maso pachikwama cha akazi awo.

"Mwadala, madamu," anayankha Injiniya. "Loyamba linali lokunga, linatiwotchera mota. Ili analiveka pakamwa pali potsegula, ndiye mota sikoka nsalu, imangonyamula nsagwada. Tinayeza. Ikudya mphamvu pafupifupi yofanana ndi pamene mutu unali wosavala."

"Tiona. Yatsani, ndipo musazimitse. Tikazungulira matebulo enawo tibweranso."

Zimenezi palibe anaziyembekezera. M'shedi anaiyendetsa kanthawi kochepa chabe. Magalasi anayang'ana Injiniya, Injiniya anavomera ndi mutu, iye n'kudina.

Ngamila inaphethira pang'onopang'ono, monyada. Inatafuna chammbali. Kenako inayasamula, makwinya onse n'kutambasuka, la kumanzere lija pamodzi ndi anzake, ndipo potseka linabwerera pamalo pake ngati silinachokepo. Ana amene anabwera ndi makolo anakuwa n'kuthamangira kuchingwe. Oyesa anapita kwa dzanja la mazira. Ngamila inapitiriza: kuphethira, kutafuna, kuyasamula, n'kuyambiranso. A Kungitsani sankayang'ana pakamwa. Maso awo anali pamphuno yamanzere, akununkhiza mpweya ngati galu wa apolisi.

Woyamba kugwidwa anali mlonda wa pakhomo. Anayasamula mpaka chipewa chinatsetsereka. Kenako mayi wina wa pamzere wakutsogolo, kenako anyamata a pampu, onse awiri nthawi imodzi. Zinayenda mumzere wa makolo ngati chimfine. A Sikelo anayesa kulimba atagwira chibwano, koma atagonja, anthu apafupi anayang'ana iwo, anayang'ana ngamila, n'kuyamba kugwirana mapewa ndi kuseka.

"Mlongo, tiye tizipita," ananong'ona a Sikelo. "Andizindikira."

"Khalani pansi, achimwene. Lero mwatchuka."

Oyesa atabwerera, mayi wamkulu uja anatsegula okha zipi ya pakhosi n'kulowetsa dzanja. Analisiya momwemo nthawi yaitali.

"Yangofunda chabe," anatero mayiwo pomaliza, akutulutsa dzanja. Anayang'ana anzawo awiri aja, iwo anavomera ndi mitu. Anatembenukira kwa ophunzirawo, nkhope ili gwa ngati poyamba. "Pulojekiti iyi..."

Sanamalize. Ngamila inali itayasamula pafupi ndi khutu lawo, ndipo chibwano cha mayiwo chinayamba kunjenjemera. Analimbana nacho, anaphimba pakamwa ndi mapepala, koma chinawagonjetsa pamaso pa holo yonse, mpaka misozi.

"Yakhoza," anatero akupukuta m'maso. "Mwakhoza nonse awiri. Tsopano zimitsani chinthuchi tisanagone tonse."

Magalasi anadina, ngamila n'kutseka maso. Injiniya anadutsa pansi pa chingwe akuthamanga. A Kungitsani anafuna kuwomba m'manja, koma manja aja anawakhalira nthawi yonseyi anali atachita dzanzi, akungolendewera. Choncho anangoimirira, mwana wawo n'kuwakumbatira, iwo akukuwa pamwamba pa mutu wake kuti holo yonse imve:

"Uyu ndi wanga! Ngamilayonso ndi yanga! Enawa ndi alamu chabe!"